Mphira pa Mkono wa Jeke

"Dzanja ili," anatero Jeke atalikweza m'mwamba ngati mboni yolumbira m'khoti, "linaumbidwa Lolemba m'mawa, dothi likadali labwino. Ena nonsenu munaumbidwa Loweruka madzulo ndi zokokota za m'mbali. Nati ya tayala imene ingakane dzanja ili sinapangidwe. Tsiku limene mudzandimve ndikupempha munthu kuti andipotokolere kanthu, musadzafunse zambiri, mudzangouza abale anga kuti kwagwa zovuta."

Omvera ulalikiwu anali madalaivala awiri odikira matayala awo, ndi mlamu wake wa Jeke, mchimwene wa mkazi wake, amene ankawotcherera zitsulo m'shedi yogundana ndi yake m'mbali mwa msewu waukulu. Mlamuyo anali ataumva ulaliki umenewu kambirimbiri, moti akanatha kuulalikira yekha mwini wake atadwala chimfine.

"Alamu," anatero osatukula n'komwe nkhope pa geti limene ankawotcherera, "ntchito ya Lolemba m'mawa imagwiridwa mothamanga. N'chifukwa chake anaiwala kukuikirani mabuleki pakamwa."

Madalaivala anaseka, Jeke nayenso anaseka kuposa onse, poti anali munthu wokonda kusekedwa bola nkhani ikhale ya iyeyo.

Jeke anali womata matayala. Dzina lake lenileni ankalikumbukira ndi amayi ake okha. Ili la Jeke analipata tsiku lina jeke yokwezera galimoto itathyoka, iye n'kunyamula ngodya ya galimoto mpaka anzake atalowetsa mwala pansi. Poyamba inali kagalimoto kakang'ono. Patapita zaka inasanduka minibasi. Pa nthawi ya nkhani yathuyi inali itakula n'kukhala lole, ndipo masiku ena, omvera akakhala alendo, inkakhala itanyamula simenti.

Koma tisamunamizire, mphamvu anali nazo. Shedi yake inali malata ochepa okhomera pa mitengo, mulu wa matayala akutha, bafa la madzi akuda lofufuzira pobooka chubu, ndi makina opopera amene ankatsokomola ngati nkhalamba yosuta asanayambe ntchito. Zotsalazo zinali mkono wake wamanja. Mkono umenewo ndi umene unkalipira nyumba, kuveka ana, ndi kuchititsa kuti madalaivala a malole aziima pa shedi imeneyi osati tsidya lina la msewu.

Pajatu tsidya linalo kunali kutabwera munthu wina ndi makina atsopano ochotsera tayala pa limu, wovala ovolosi yoyera ngati wogulitsa mankhwala. Jeke ankamutcha Kabatani, poti ntchito yake yonse inali kudina batani. Sankapatsana moni, koma aliyense ankadziwa malole amene aima kwa mnzake.

Tsoka linabwera masana a tsiku lina lotentha. Panaima lole yakale, ya matayala aja otsekedwa pa limu ndi mkombero wachitsulo. Jeke anamata chubu, n'kubwezera zonse m'malo mwake, n'kuyamba kupopa kwinaku akufotokozera dalaivala za lole ya simenti ija. Mkombero sunali utakhala bwino. Mpweya utadzaza, mkomberowo unafwamphuka n'kumumenya pamkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo Jeke anapezeka atakhala m'bafa la madzi akuda lija, miyendo ili m'mwamba.

Ngakhale moto wa mlamu unazima.

"Wangondipatsa moni," anatero Jeke podzuka, madzi akuchucha m'thalauza. Mawu anatuluka bwinobwino, koma milomo inali itatuwa.

Khungu silinang'ambike, magazi sanatuluke, ndipo kwa Jeke chimenecho chinali chigamulo: popanda magazi palibe bala. Koma mkono unayamba kufufuma anthu akuona. Pomenyedwapo panafiira, kenako panayamba kuda ngati kumwamba kukafuna kugwa mvula.

"Kwerani, madala, ndikutulani pachipatala," anatero dalaivala wa lole. "Ndi njira yanga yomweyo."

Jeke anaponya diso kutsidya. Kabatani anali ataima pakhomo la shedi yake, manja m'thumba, khosi litatalika.

"Chipatala cha chiyani? Tayala lanu silinathe."

"Alamu, pitani," anatero wowotcherera. "Shedi ndikuyang'anirani."

"Akandiika chikhakha ndani asakudziwa? Ndikhala milungu ndi milungu nditakoleka mkono m'khosi ngati mwana wogwa mumtengo wa mango. Pochira ndidzapeza malole onse aphunzira njira ya kwa Kabatani. Dalaivala ali ngati mbuzi, ikazolowera pomwera sibwerera."

Apa m'pamene nzeru ya ntchito yake inamufikira, ndipo inamufikira ngati vumbulutso. Anatola chubu chakutha, n'kuchiponda, n'kulenga mphira zazitali ndi mpeni ku dzanja lamanzere.

"Chotupa ndi chotupa," anatero. "Tayala la njinga likatupa pambali timatani? Timalimanga ndi mphira, mwini wake n'kukafika kwawo. Ndamanga zotupa zambiri ine kuposa dokotala aliyense. Tagwirani uku, alamu."

"Ine ayi. Mlongo wanga akadzafunsa ndisadzapezekemo."

Jeke analuma nsonga ya mphira ndi mano, n'kuyamba kukulunga kuchokera padzanja mpaka pachigongono, akukoka mwamphamvu monga amangira katundu pa keliyala. Aliyense wodziwa mphira ya chubu akudziwa kuti siigona: ukaimanga imapitirizabe kufinya iwe utaiwala. Atamaliza anamenya mfundo, n'kutsiriza tayala la lole lija ndi dzanja lamanzere ndi bondo. Dalaivala anapukusa mutu n'kunena kuti munthu wotere sanamuonepo. Jeke anamva ngati amuyamikira.

Madzulo anafika kunyumba, zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa golosale. Mkazi wake, mayi wosoka zovala pakhonde, anali akuchotsa makina ake panja. Anaona mkono wakuda wonyezimira, zala zitatupa ngati nthochi, ndipo anakhala pansi pomwepo.

"Bambo a ana, ichi n'chiyani?"

"Chigamba. Mawa chikhala chitagwira."

Mayiyo sanali wa mkangano. Anatunga madzi ozizira mumtsuko, n'kuviika thaulo, n'kuunjika mapilo pamkeka kuti mkono ugone pamwamba.

"Masulani ndikuikeni chozizira, mkono ukhale m'mwamba. Mawa tilawirire kuchipatala."

"Zozizira n'za mitembo, iwe. Ngati ukufuna kundithandiza, tereka madzi undithowe."

Anatereka madzi, koma ali pamoto anazemba n'kukagogoda khomo lachitatu pa mdadada womwewo, kumene kunkakhala namwino wina. Namwinoyo anabwera ali chivalire yunifolomu, nsapato zokha atavula, nkhope ili ya munthu amene waima tsiku lonse. Anagwada pambali pa Jeke n'kutsina chikhadabo cha chala chapakati. Chinayera, ndipo chinachedwa kubwerera mtundu wake. Kenako anagwira chalacho n'kuchiwongola pang'ono pokha. Jeke, munthu wonyamula malole, anabuula ngati ng'ombe.

"Mphirayi ichoke pompano," anatero namwino. "Madzi otenthawo musamuike, angowonjezera kutupa. Mkono ukhale pa pilo, nsalu yozizira pamwamba, ndipo mupite kuchipatala lero lomwe, osati mawa. Mwina fupa lathetheka, mwina ayi, koma chondiopsa ine si fupa."

"Nanga n'chiyani, anesi?" anafunsa mkazi wake.

"Mnofu ukavulala umatupa, ndipo umafuna malo. Mukaufinya chonchi, magazi adutsa pati? Bambo, inu mukaponda payipi ya makina anu opopera, mpweya umafika kutayala?"

"Sufika," anatero Jeke, thukuta lili kamukamu, koma diso likuwala ngati wapeza mboni. "Ndiye n'zimene ndikufunazo. Zotupitsazo zisafike."

Namwino anatenga sizasi ya mayi wosoka uja n'kudula mfundo. Mphira inadzimasula yokha ngati njoka. Pakhungu panatsala mizere yakuya, ndipo magazi pobwerera anabwera ndi ululu woti Jeke analuma pilo. Mkono unaoneka waukulu kuposa poyamba.

"Mwaona?" anatero atapezako mpweya. "Mwachotsa mphira, watupa. Ine ndiye wosaphunzira."

"Ine ndanena, mayi," anatero namwino potuluka. "Akamva dzanzi, kapena zala zikayamba kuzizira, musadikire kuti avomere. Munyamuleni."

Kumunyamula Jeke. Namwinoyo anali wachilendo pa mdadadawo, sankamudziwa Jeke.

Jeke analonjeza kuti apita m'mawa, ndipo analola thaulo lozizira kuti pakhale mtendere m'nyumba. Kutacha anavala shati ya manja aatali, n'kunena kuti angodutsa kushedi kukatsanzika mlamu wake. Kushediko anapeza lole itaima kale, dalaivala akuyang'ana uku ndi uku, Kabatani kutsidya akupukuta makina ake mwachionetsero. Jeke analowa kuseri kwa mulu wa matayala, n'kulenga mphira zina. Ulendo uno anaphatikiza ziwiri, poti anati ya dzulo inalephera chifukwa inali yopyapyala.

Masiku otsatirawo anali a chionetsero. Jeke ankakhala pa tayala, mkono uli m'shati, akulamula. Madalaivala ankamasula okha manati, iye akuwauza kuti akuwaphunzitsa ntchito mwaulere. Zolemera ankanyamula mlamu wake, akung'ung'udza.

"Alamu, geti la eni ake likundidikira. Ine ndinakwatitsa mlongo, sindinalembedwe ntchito."

"Mukudandaula chiyani? Ndikukuchotsani dzimbiri."

"Tandionetsani zalazo."

"Zagona. Musazidzutse."

Nthabwala zinkatuluka, koma zinkatuluka pakati pa mano. Ululu unali wa mtundu wina, wakuya, ngati wina akupopa mkonowo kuchokera m'kati osaleka. Mapiritsi a m'golosale ankawameza ngati mtedza, osamva kanthu. Kunyumba ankafika kutada, n'kugona chovala, atatembenukira kukhoma. Mkazi wake atafunsa za kuchipatala, anamuuza kuti anapita, anamuona, anamumanga bandeji ndipo anati asamasule. Mayiyo anafuna kuona bandejiyo. Jeke anakalipa kuti m'nyumba mwake mwayamba kukhala apolisi. Ana anasiya kuseka pa chakudya. Namwino anali atasinthidwa kupita ku mashifiti ena, ndipo pokumana ndi mayiyo pampopi anafunsa, n'kuyankhidwa kuti anapita. Bodza la mwamuna linayenda ndi miyendo ya mkazi wosalakwa.

Ndiye m'mawa wina ululu unaleka.

Unaleka wonse, ngati wailesi yothimitsidwa. Jeke anadzuka, n'kukhala pamkeka, n'kumvetsera mkono wake. Munalibe kanthu. Anaseka kwa nthawi yoyamba chivulalire.

"Mayi a ana, tereka tiyi wa mkaka. Wodwala wanu wachira."

Mayiyo anayang'ana nkhope ya mwamuna wake n'kuona kuti si zonamizira. Misozi inalengeza. Anathokoza Mulungu, anaika shuga wambiri m'tiyi, ndipo tsiku limenelo makina ake osokera anaimba pakhonde mpaka oyandikana nawo anafunsa ngati kwabwera alendo. Mwa masiku onse a nkhaniyi, limeneli ndi limene mayiyo safuna kulikumbukira.

Kushedi Jeke analalikira ulaliki watsopano. Anati madokotala amawerenga mabuku zaka zambirimbiri kuti adziwe zimene chubu chakutha chimadziwa. Anati aganiza zolemba pa chikwangwani kuti timamata matayala ndi anthu omwe. Anadzimenya pamkonopo ndi sipanala pamaso pa madalaivala.

"Mwaona? Olo kunyerenyetsa."

Mlamu wake anazimitsa moto n'kukweza magalasi ake akuda pamphumi.

"Simukumva chilichonse?"

"Chilichonse."

"Alamu, chimene sichimva kumenyedwa ndi chitsulo, ine ndimachidziwa chimodzi chokha, ndipo sichikhala chamoyo."

"Nsanje," anatero Jeke. "Banja lanu lonse n'la nsanje. Ndinakwatirako mmodzi yekha wabwino."

Sipanapite nthawi, ntchentche zinayamba kumukonda. Iye anati n'chifukwa cha guluu womatira. Kenako kunabwera fungo, ndipo anati ndi madzi a m'bafa. Kenako kunabwera kuzizidwa dzuwa lili pamutu, mano akugundana. Anati ndi malungo, ndipo anali pakati pofotokoza mmene malungo amamuopera pamene anapendekeka pa tayala lija n'kugwa chammbali, mwakachetechete, ngati thumba losakhazikika bwino.

Mlamu wake anang'amba dzanja la shati. Zimene anaona sanazifotokozere munthu mpaka lero. Anangoima pakati pa msewu n'kutambasula manja. Galimoto yoyandikira imene inali ndi malo inali ya Kabatani, ndipo Kabatani sanafunse funso. Anabwera ndi ovolosi yake yoyera ija, n'kugwira kumiyendo. Choncho Jeke ananyamulidwa ndithu, koma mwini wake sanaone.

Kuchipatala anadula mphira, ndipo khungu lina linachoka nayo limodzi. Anamulowetsa kochitira opaleshoni tsiku lomwelo. Dokotala, bambo wa imvi wolankhula motsitsa, anatuluka n'kupeza mkazi wa Jeke ndi mlamu atakhala pabenchi.

"Moyo tapulumutsa. Mkono sitinadule, ngakhale zinatsala pang'ono. Koma minofu yambiri ya m'kati inafa, ndipo tachotsa. Imeneyo ndi imene imayendetsa zala."

"Fupa linathyoka, adokotala?" anafunsa mlamu.

"Linangothetheka pang'ono. Likanapola lokha." Dokotalayo anavula magalasi n'kutikita maso. "Akanabwera tsiku loyamba, tikanangouika pothandizira, kuukweza m'mwamba, n'kumauyang'anira. Akanabwera ululu utakula, tikanang'amba khungu kuti mnofu upume, zala zikanatsala. Anamanga ndani mphira ija?"

Mayiyo ankayang'ana zala zake zomwe, zoboola ndi singano, ngati akuziwerengera ntchito imene ikubwera.

Jeke anakhala m'chipatala nthawi yaitali. Munthu amene ankati sanagonepo pa bedi la chipatala anadziwa mayina a onse osesa. Mkazi wake ankabwera m'mawa ndi madzulo, kumusambitsa, kumumanga mabatani, kumudulira nyama tizidutswa ngati mwana. Masiku oyamba Jeke ankayesabe nthabwala. Anauza odwala anzake kuti madokotala anapeza waya m'malo mwa mitsempha ndipo mipeni yawo inabuntha. Koma bandeji itachoka n'kuona mkono wake, wowonda ngati mpini wa chikwanje, chipsera chitayenda kuchokera pachigongono mpaka padzanja, nthabwala zinayamba kubwera patalipatali ngati basi ya kumudzi.

Choipa kwambiri chinabwera mwapang'onopang'ono. Pamene bala linkapola, zotsala za m'kati zinkauma ndi kufupika, ndipo zinkakoka zala. Dzanja linapindikira m'kati, zala zinakhota n'kuloza pachikhatho ngati phazi la nkhuku yophedwa. A zolimbitsa mafupa anamupatsa kathabwa komangira ndi zochita za tsiku ndi tsiku. Mayiyo anazigwira ngati pemphero. M'mawa uliwonse asanatsegule makina ake ankakhala pamkeka, dzanja la mwamuna wake pamwendo, kulipaka mafuta, kuwongola chala chimodzichimodzi. Akachisiya, chinkabwerera pang'onopang'ono pamalo pake ngati galu wodziwa kwawo.

"Lero chasuntha," ankatero mayiyo.

"Chasuntha," Jeke ankavomera. Onse awiri ankadziwa kuti akunamizana, ndipo limeneli linali bodza lokhalo limene linatsala lokoma m'nyumbamo.

Za mphira yachiwiri ija mayiyo anafunsa kamodzi kokha, akupaka mafuta, osakweza mawu.

"Munandiuza kuti munapita."

Jeke anayang'ana kudenga.

"Ndinaika shuga m'tiyi tsiku lija," anatero mayiyo. "Ndinaimba." Anapitiriza ndi chala chotsatira.

Tsiku lina Jeke anapita kwa mlamu wake ndi nzeru ina. Anali atajambula pa katoni kachitsulo kokhala ndi bawuti, koti azilowetsamo zala n'kumamanga pang'onopang'ono mpaka ziwongoke.

"Limu yopindika timaiwongola chomwechi. Mundiwotcherere, alamu."

Mlamuyo anayang'ana katoniyo, n'kuyang'ana dzanja lija.

"Chitsulo ndimachiika pamoto, chikafiira n'kuchimenya," anatero pomaliza. "Ichi ndichiika pamoto uti? Musandipemphe zimenezi, alamu. Ndinakana kugwira mphira ija, koma ndinaima pomwepo n'kumaonerera. Zandikwana."

Jeke anapinda katoniyo ndi dzanja lamanzere n'kuiika m'thumba.

Malole anali ataphunziradi njira ya kutsidya. Pa chimenechi chokha Jeke analosera zoona. Madalaivala ena ankaimba hutala podutsa, ena ankayang'ana kumbali ngati akusintha giya. Kabatani anatumiza uthenga kuti ngati akufuna, pali mpando woti azikhalapo n'kumalandira makasitomala. Jeke anayankha kuti sanafike pokhala chikwangwani cha munthu. Makina opopera okhosomola aja anawagulitsa, n'kutsala ndi pampu ya njinga, zigamba ndi guluu. Anati ayambira pa njinga, dzanja likamasuka abwerera ku malole.

M'mawa umene anatsegulanso shedi, mlamu wake anali atapita kukagula zitsulo. Jeke anasesa ndi dzanja lamanzere, n'kuthira madzi atsopano m'bafa, n'kukhala pa tayala lake. Dzanja lamanja analibisa m'thumba la jekete. Dzuwa linakwera. Kutsidya makina ankalira osapuma.

Kenako panafika mayi wina wachilendo akukankha njinga, pakeliyala atamanga dengu la tomato. Tayala lakumbuyo linali litaphwa.

"Odi, bambo. Ndithandizeni, ndikuchedwa kumsika."

"Mwafika pamalo pake, mayi," anatero Jeke, mawu akale aja atabwerera pang'ono. "Tsitsani dengulo. Pano tayala limalowa likulira, limatuluka likuseka."

Ananjuta pambali pa njinga. Ntchito yoyamba inali yochepetsetsa pa ntchito zonse za womata matayala: kumasula kanati ka pavalavu, kakang'ono ngati njere ya chimanga. Anakagwira ndi dzanja lamanzere n'kupotokola. Valavu yonse inazungulira limodzi nako, poti inali yakale ndipo kanatiko kanali kadzimbiri. Pankafunika dzanja lina loti ligwire tsinde.

Anatulutsa dzanja lamanja m'thumba. Analikankhira pakati pa masipoko, n'kuyesa kupanikiza valavu pakati pa zala ziwiri zokhota. Inapulumuka. Anayesa ndi msana wa dzanja, kuikanikizira ku sipoko. Inapulumuka. Anatenga pulayala, koma pulayala inkafuna dzanja lamanzere, ndipo kanati kankafunanso lomwelo. Anawerama mpaka mphumi inakhudza tayala, n'kuganiza za mano, koma pakati pa masipoko pakamwa sipakanalowa. Thukuta linadontha pa limu. Mayi uja ankasinthasintha mwendo woimira, akuyang'ana dzuwa.

Jeke anakhala chonjuta kwa kanthawi, akuyang'ana kanati kaja. Mawu atatuluka anali aang'ono, oti mayiyo anachita kuwerama kuti amve.

"Mayi, tandipotokolerani kanthuka."

Mayiyo anaona dzanja lija, n'kuchotsapo maso msanga mwaulemu. Anagwira tsinde ndi dzanja limodzi, n'kupotokola ndi zala ziwiri za linalo. Kanati kanamasuka nthawi yomweyo.

"Pepani, bambo, sindinaone," anatero mokoma mtima. "Musadzivutitse. Paja anandiuza kuti pano pali bambo wina wamphamvu, wonyamula malole. Eni akewo atuluka?"

Jeke anabweza dzanja m'thumba.

"Anachoka," anatero.

"Abwera nthawi yanji?"

"Sanatsanzike."

Mayiyo anadikira pang'ono, kenako anabwezera kanati, n'kukweza dengu lake, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti awoloke msewu.

Mkono uja unkafuna zinthu zotsika mtengo: pilo, thaulo lonyowa, malo opumira, ndi ulendo umodzi wa kuchipatala tsiku limene unatupa. Lero ngakhale mutasonkhanitsa madokotala onse ndi owotcherera onse, chala chimodzi sangachiwongole. Akuluakulu sananame: kuwongola mtengo m'poyamba.